Mlomo wa Kachikho

"Achimwene, kachikho ka abambo kali kuti?"

Agnesi anafunsa akukutumula mphasa imene bambo awo, a Gerevazio Ngozo, anaferapo. Anali atameta maliro m'mawa womwewo, ndipo m'nyumba amayi awo anali gone ndi chimfine chomwe chija chinatenga amuna awo. Rafaelo anayang'ana kumapiri ngati funsolo lachokera kumeneko. Kachikhoko kanali m'thumba lake.

Kanali ka siliva, kosaposa dzira la nkhanga, ka mwendo umodzi ndi timasamba tozokota m'mbali. A Ngozo anabwera nako kuchokera ku nkhondo ya Ajeremani, kumene ankasenza katundu wa asilikali. Rafaelo, mphunzitsi wa katekisimu ku mishoni ya Bembeke, atangokaona anagamula mlandu mumtima: ichi ndi chikho cha pa Misa, chobedwa m'tchalitchi. Kufunsa sanafunse. Munthu akadziwa kuwerenga buku amayesa kuti amawerenganso mitima.

Mliri utavuta iye anali ku mishoni. Anafika kumudzi abambo ali kayakaya, ndipo choyamba kuchita chinali kuchotsa kachikhoko kumutu kwa mphasa, kuti asafe ndi chakuba. Mkuluyo anapempha ndi mawu osamveka bwino, "Kachikho kanga." Rafaelo anabweretsa chikho chachikulu chotungira mumtsuko. Madzi anangoyenderera m'ndevu.

Tsopano anamusiya Agnesi akufufuza, iye n'kukwera chitunda kupita kwa wansembe.

"Bambo, ndabweza cha Mulungu," anatero atagwada. "Chonde dzina la bambo anga lisamveke."

Wansembeyo anali nkhalamba yochokera kumalire a dziko la Jeremani. Anavala mandala, nakatembenuza kachikhoko, kenaka anaseka pang'ono.

"Dzuka, mwana wanga. Aka sikanafikepo paguwa. Kwathu olemera ankamwera zakumwa zaukali m'tizikho totere, ena ankangopatsana ngati mphatso. Taona pansipa. Aka konga chipatso cha mtengo wa paini n'chizindikiro cha mzinda, tizilembo iti n'dzina la wosula. Wosulayo anamwalira agogo ako asanabadwe. Osula siliva a kumeneko ankadinda dzina kuti ntchito ikakhala yachinyengo, manyazi awapeze pakhomo pawo."

Kenaka anakwinya nkhope, chala chili pakamwa pa kachikho.

"Koma wapinda mlomowu ndani? Wosulayo akanalira."

Rafaelo anatsika chitundacho. Bambo ake sanali wakuba zopatulika, ndipo iye akanayenera kusangalala. Koma manyazi anamugwira, chifukwa wosula wa kutali uja anadinda dzina lake poyera, pamene iye mlandu anauweruza mobisa. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Anapeza Agnesi pakhonde, nsalu yake itanyowa.

"Amayi akukanika kumwa," anatero mlongo wakeyo. "Ndikathira, onse akutayika."

Rafaelo anatulutsa kachikho n'kukaika pansi pakati pawo. Agnesi anakayang'ana nthawi yaitali, osadabwa.

"Ndimayesa mupitiriza kukabisa mpaka tiikenso wina m'manda."

"Ndimaganiza kuti anakaba m'tchalitchi."

"Anawapatsa Mjeremani wovulala amene anamunyamula pa machira mpaka kuchipatala. Mudzi wonse ukudziwa."

"Nanga bwanji ine sanandiuze?"

"Munawafunsa, achimwene? Mumangobwera ndi buku kukhwapa, iwo n'kumachita nanu manyazi."

Rafaelo anakanda pansi ndi chala. Kenaka anafunsa za mlomo wopindika uja.

"Anauluma okha ndi mano," anatero Agnesi. "Inu muli ku mishoni, kuno anthu ankathawa nyumba za odwala. Abambo ankalowa. Wodwala akaluma mano, chikho chachikulu sichithandiza, ndiye anapinda aka kuti madzi azilowera m'mbali mwa kamwa. A Anselmo aja akuyenda lero anamwera momwemu. Matendawa anawatengera kumeneko."

Rafaelo akanakonda Agnesi akanamutukwana. Ndevu zonyowa zija zinamubwereranso m'maso.

Anatola kachikho n'kulowa m'nyumba. Amayi anali chigonere, maso ali otseka, milomo itang'ambika. Anagwada, natunga madzi mumtsuko, nawatukula mutu. Chala chake chinagwera m'timaenje tiwiri pamene mano a bambo ake anadinda siliva. Anatsamiritsa mlomo wopindikawo pakona ya kamwa, n'kupendeketsa pang'onopang'ono.

Kholingo linayenda. Dontho ngakhale limodzi silinatayike.

Amayi sanatsegule maso. Anangopapasa dzanja logwira kachikholo, nalifinya mofooka.

"Mwabwera, a Ngozo?"

Rafaelo anatunganso madzi.