Lamba wa Malemu Hilario

Luisa anatenthetsa msomali pa mbaula, naboola nawo bowo lina latsopano pa lamba uja. Fungo la chikopa chopserera linadzaza khonde lonse.

"Mukaonda kuposa apa, bambo a Teresa, ndizingokumangani ndi luzi," anatero akuseka.

Kaitano, mwamuna wake, sanaseke. Anamanga lambayo, mchira wotsalawo n'kuubisa mkati mwa buluku ngati chinthu chakuba. Lambayu anali wa mkulu wake, malemu Hilario, ndipo anamugwera pogawa katundu maliro atatha. Nthawi imeneyo ankamukwana bwinobwino.

Kaitano anali kapitawo wa odula nzimbe ku esiteti, munthu wa mimba yaulemu, yomwe inkalowa m'nyumba mwini wake akadali panja. Koma chaka chimene othawa nkhondo a ku Mozambique anadzaza m'midzi, anagwa m'munda dzuwa lili paliwombo. Achipatala anamutumiza ku Blantyre, ndipo dokotala wa kumeneko sanapsatire mawu. Anati ali ndi matenda a shuga, komanso mafuta achuluka m'magazi moti akutseka mitsempha pang'onopang'ono. Anamupatsa mapiritsi, koma anati mankhwala aakulu ali mumphika wa kunyumba.

Luisa anawalandira mawuwo ndi manja awiri. Botolo la mafuta ophikira analikweza pamwamba pa kabati. Nsomba za mphende ankaziwotcha pa makala, kukazinga ayi. Pa mbale pankabwera nyemba, therere, chisoso, ndi kansima ka mapira kongokwana m'dzanja. Tiyi wopanda shuga, pakhomo pomwe utsi wa fakitale ya shuga unkaoneka m'mawa uliwonse! Nyama ikapezeka ankasenga mafuta onse ndi mpeni n'kuponyera galu, moti pakhomopo wonenepa anatsala galuyo.

Ndipotu zinathandiza. Ludzu losatha limene linkamuvutitsa linachepa, phuma linatha, njinga ankaipalasa mpaka pa boma osapumira panjira. Koma walira mvula walira matope. Masiku amenewo kunali kutabwera matenda aja osatchulidwa mokweza, a kaliwondewonde, ndipo mwamuna akangoonda anthu ankaweruziratu. Ku ntchito anzake anasiya kumwera naye chikho chimodzi. Ku mjigo, Connie wa nyumba yoyandikana nawo anagwira Luisa paphewa.

"Limbani mtima, anzanga. Mulungu ndiye adziwa."

"Ndilimbe mtima kwagwanji?"

"Aa, ifetu maso tili nawo."

Luisa anabwerera ndowa yosadzaza, mtima ukuwawa. Sabata yomweyo, pochapa, anapeza m'thumba la malaya a mwamuna wake kapepala konona mafuta, konunkhira nyama ya pachiwaya. Sanamufunse. Anamumvera chisoni, chifukwa ankadziwa kuti si nkhuli imene inamupititsa kumeneko, koma manyazi a kuondako. Koma anachitanso mantha, pakuti dokotala uja ananena poyera kuti mtsempha ukadzatsekeka sudzapereka chenjezo.

Loweruka m'mawa pamsewu panaima lole, ndipo panatsika Priska, mlongo wake wamkulu wa Kaitano wa ku Chiromo, akukoka mbuzi pachingwe. Atangomuona mlongo wakeyo anakhala pansi pa fumbi n'kugwira kumutu.

"Mayo ine! Kaitano, ndiwe kapena chithunzithunzi chako? Ku Chiromo akuti watha. Ine ndati nkhabe, mwana wa mayi anga ayi!" Kenaka anacheukira Luisa. "Alamu, ng'ombe zimene tinapereka kwanu zinali zonenepa. Inu mwamuna mukumudyetsa masamba ngati mbuzi?"

"Ndi adokotala anatero, alamu."

"Adokotalawo ndiwo anakwatiwa pano?"

Luisa anangoweramitsa mutu. Priska sanali munthu woipa. Ndiye analera alongo ake awiriwo, Hilario ndi Kaitano, mayi awo atamwalira, ndipo chikondi chake chinkadzera mumphika basi, njira ina sankaidziwa.

Pofika masana mbuzi inali itasendedwa. Priska analanda khitchini, natsitsa botolo lija pa kabati. Anakazinga matumbo okulunga ndi mafuta ake omwe, mpaka msuzi unachita kunyezimira. Mbaleyo sanailowetse m'nyumba. Anaiika pakhonde penipeni, poonekera kumsewu, pomwe Connie anali atayamba kusesa bwalo losesedwa kale.

"Idya poyera, anthu aone kuti umadya," anatero Priska. "Mimba ikabwerera, pakamwa pawo patsekeka."

Kwawoko mbuzi yopherwa wodwala, woyamba kulawa ndi wodwalayo, ndipo kukana n'kunyoza amene wabwera nayo. Luisa ankadziwa zimenezi. Ankadziwanso kuti mkazi wolowoledwa satsutsa mlamu wake pagulu. Anagwada ndi beseni la madzi. Kaitano anasamba, maso ali pa mbale, akumeza malovu.

"Masulani lamba, bambo a Teresa," Luisa ananena motsitsa, "kuti mudye momasuka."

Kaitano anamasula, nasolola mchira wobisidwa uja. Chala chake chinadutsa mabowo atsopano opserera, mpaka chinafika pa bowo lakale la kunsonga, lakuda, lotanuka. Kenaka anayang'ana Priska.

"Achemwali, lambayu mukumudziwa?"

"Ndingamuiwale? Ndi wa Hilario."

"Achimwene ankamanga apa, pothera penipeni. Tonse tinkati munthu akudya bwino. Akalowa m'tchalitchi anthu ankawapatsa mpando wakutsogolo. Nanga tsiku lija anagwa m'sitolo mwawo, pakamwa n'kupotoka, dzanja n'kufa, ankawatembenuza pamphasa ndani mpaka tsiku lomaliza?"

Ankawatembenuza anali Priska yemweyo.

"Chikomekome cha nkuyu, achemwali, m'kati muli nyerere. Matenda amene anawatenga aja ndi omwe andipeza ine. Kusiyana kwake n'kwakuti ine andiuziratu."

"Nanga anthu? Ukudziwa zimene akunena? Akuipitsa iwe, akuipitsanso mkazi wakoyu."

"Ndikudziwa, ndipo zimandiwawa kwabasi. Koma anene. Akadzatopa adzandipeza ndikupalasabe njinga. Ndikadya kuti asiye kunena, omwewo adzabwera kudzaimba nyimbo za maliro pabwalo pano, n'kumati anali munthu wathanzi."

Anakankha mbale ija pang'onopang'ono, mwaulemu, ndi manja awiri.

"Mbuzi yanu sindikuikana. Mundidulire kamnofu kopanda mafuta, amayi a Teresa akaphike m'madzi ndi tomato. Ndilawa ndine woyamba."

Priska anatenga lamba uja n'kumuika pamiyendo. Anasisita bowo lakale lija ndi chala chachikulu, misozi ikugwera pa chitenje. Kenaka anamina, nadzuka.

"Alamu, bweretsani mpeni. Mundionetse m'mene mumasengeramo."

Galu anadya bwino tsiku limenelo.

Lolemba m'mamawa Kaitano akuvala, Luisa anabwera ndi lumo.

"Bwerani ndidule mchirawo, usamakuvuteni kubisa."

"Ayi, usiyeni. Bowo la achimwene lili komweko."

Sanaubisenso. Anakwera njinga mchirawo ukulendewera pa ntchafu, poyera. Podutsa pa mjigo anaimba belu, napereka moni kwa Connie ndi amayi onse amene anali pamenepo, mmodzimmodzi, mpaka aliyense anayankha.