Mizukwa ya m'Sutikesi ya Sabonete

Zulmira anadumpha panjinga isanaime n'komwe, mpaka patapata kuduka. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale ku Mocuba, ndipo chaka chonsecho ankasakasaka zolembedwa za nthawi ya nkhondo m'boma lakwawo. Kuofesi anamuuza kuti mapepala anapsera limodzi ndi nyumba. Kumishoni anamutsegulira kabati, n'kupeza chiswe chitawerenga kale zonse. Koma chimene chinkamudya mtima sichinali buku limene ankalemba la nkhondoyo ayi. Ankafuna kuona nkhope ya bambo ake, a Belarmino, amene anagwidwa pamsewu wa ku Lugela iye akadali m'mimba. Chithunzi chawo panalibe ngakhale chimodzi.

Tsono m'mawa umenewo wina anamutsina khutu kuti mkazi wa malemu Sabonete, wojambula uja, akukolezera mbaula ndi zithunzi.

Anawapeza mayi Anastância, mkazi wa malemuyo, ali pakhonde akupala kokonati, sutikesi yamalata ili yasa pafupi ndi moto. Atawafunsa, sanabise. Anati n'zinyalala za amuna awo, zimayaka bwino kuposa pulasitiki, komanso zinkawasowetsa mtendere m'nyumba.

"Taona wekha, mwanawe. Nkhope mbuu, tsitsi mbee, mano bii. Munthu wanji wotere? Mizukwa yokhayokha."

Zulmira anatola kapepala kamodzi. Masiku a nkhondo munthu sankayenda popanda chiphaso, ndipo chiphaso chinkalira chithunzi. Sabonete ankajambula ndi kamera yabokosi pansi pa mango kumsika. Choyamba chinkatuluka chozondoka, chakuda chitayera, choyera chitada. Kenako ankajambulanso chimenecho kuti patuluke munthu weniweni. Mwini wake ankatenga chabwinocho n'kumapita, chozondoka chija n'kuponyedwa m'sutikesi. Ndiye kuti boma lonse linali mmenemo!

Zulmira anajambula kapepala kaja ndi foni, n'kutembenuza mitundu. Mzukwa uja unasanduka mzimayi waduku, wamasaya odzadza. Mayi Anastância anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Anati ameneyo ndi Joaquina wogulitsa nsomba zouma, amene anathawira ku Milange osabweranso. Nthawi yomweyo anatsomphola kapepala kena kamene kanali katayamba kunyeka pamakala, osasamala zakupsa chala.

Zulmira anaimbira amayi ake, a Custódia. Anabwera pa njinga yakabaza, chitenje chili chokhota. Asanakhale pansi anali atanena kale kuti ntchitoyo ndi yosavuta, poti pachiphaso bambowo anavala jekete lamizeremizere, ndipo iwo akulikumbukira ngati dzulo.

Mwamuna woyamba kutuluka pafoni anali m'jekete lamizeremizere. A Custódia anatsala pang'ono kululutira. Koma wachiwiri nayenso, jekete lomwelo. Wachitatu, kam'dala kowonda, katamira m'jekete lomwe lija. Mayi Anastância anaseka mpaka misozi. Jeketelo linali la Sabonete, linkapachikidwa panthambi ya mango, ndipo mwamuna aliyense ankalibwereka, ngakhale amene kumunsiku anali ndi kabudula wazigamba.

A Custódia sanaseke. Anakhala pamphasa, n'kuyang'ana pansi.

"Nkhope ija inandichoka kalekale, Zulmira," anatero motsitsa mawu. "Ndinkangosunga jekete."

Zulmira anachita mantha. Bwanji ngati awadutsa osawadziwa? Bwanji ngati chithunzi chawo chinaphikira kale tiyi sabata yatha? Koma sanasiye. Mbiri inali itamveka, ndipo pakhonde panadzadza anthu, aliyense akukankhana kuti aone. Uyu wapeza malume ake, uyo wapeza mphunzitsi amene ankamukwapula, wina wapeza chibwenzi chake chakale mkazi wake ali pomwepo. Kunali kuseka, kunali kulira, kokonati uja nkhuku zikudya mwaufulu. Zulmira ankangojambula, kutembenuza, kufunsa dzina, thukuta lili kamukamu. Chuma chotere sanachipezepo m'kabati ina iliyonse.

Atafika chakunsi kwa sutikesi, mayi Anastância anamugwira dzanja asanapitirire. Anayang'ana pafoni, n'kuyang'ana iye, n'kubwereranso pafoni.

"Iwe, khutu lakoli unalitenga kuti?"

Zulmira anali ndi khutu lakumanzere lotuluka ngati chogwirira kapu, limene ana asukulu ankamujeda nalo. Pafonipo panali mnyamata m'jekete lomukulira, akuyesetsa kuti asaseke, khutu lake lili njo. Mphumi nayo inali yomweyo. Zulmira anapereka foniyo kwa amayi ake.

A Custódia anailandira ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinkamugwadira ine ameneyu? Kamwana chonchi, kochepa kuposa mdzukulu wanga," anatero, misozi ili chuchuchu. "Belarmino, taona. Ndakalamba ndekha."