Ubweya wa Pamkono

Zaka makumi atatu ndinanola mipeni ya madokotala a opaleshoni muno mu Cochabamba. Pamene ankayambitsa bungwe lawo anali asanu ndi awiri okha, ankakumana kuseri kwa sitolo ya mankhwala, ndipo mpeni uliwonse unkadutsa pamwala wanga. Ndikanola ndinkauyesa pa ubweya wa mkono wanga wamanzere. Ukameta osakoka, ndiye kuti wakwana kulowa m'mimba mwa munthu. Mkono umenewo unkakhala wosalala ngati dzira.

Chaka chatha bungwelo, lomwe tsopano lili ndi nyumba yosanja, linalipira anthu kuti ajambule kanema wa mbiri yake. Mayi wina wamakamera, Nélida, anabwera kwathu ndi pepala.

"Bambo Casimiro, sainani apa kuti tikujambuleni."

"Mayi, pepala ngati limeneli linadya munda wa bambo anga. Jambulani, koma kusaina ayi."

"Popanda kusaina sitingathe."

"Ndiye muyende bwino."

Ndinkadziwa kuti abweranso. Nanga wonola wina akanamupeza kuti?

Sanabwerenso. Patatha sabata ndinapeza mlamu wanga Eleuterio akumwa chicha, mowa wathu wa chimanga, atavala jekete yatsopano, manja a jeketeyo atapinda, mkono wamanzere atameta ndi lezala. Munthu ameneyu ntchito yake inali yoyendetsa galimoto ya Dokotala Zenteno, mmodzi wa oyambitsa bungwe, basi.

"Alamu, mkonowo mwapsa?"

"Ndi za kanema izi, madala. Inu mumaopa cholembera ngati njoka, ine ndasaina."

"Inuyo? Ngakhale chikwanje simunanolepo!"

"Ndinkakuonani mukunola. Si kukwecha chabe?"

Kanemayo anaonetsa Loweruka masana m'holo ya bungwe. Mkazi wanga Fortunata, mlongo wake wa Eleuterio, anavala chipewa chake cha paukwati. Nkhope ya mlamu wanga inatuluka pakhoma yaikulu ngati chitseko, pansi pake atalemba kuti wonola mipeni woyamba. Ankakwecha pamwala wouma, wopanda ndi dontho lomwe la mafuta. Mpeni wotero sungadule ngakhale tchizi. Koma madokotala a masiku ano amagwira mipeni yongodula kamodzi n'kutaya, adziwa chiyani? Anaomba m'manja. Fortunata nayenso anaomba, mpaka chipewa chinapendekeka.

Kanema atatha ndinakankha anthu mpaka ndinafika pamene panaima wapampando wa bungwe.

"Bwana, taonani apa," ndinatero, ndikupinda malaya kuti aone umboni.

Ndinali ndisanauyang'anitsitse mkonowo kwa nthawi yaitali. Zaka makumi awiri zinali zitapita chisiyireni kunola. Ubweya unamera wonse, wambiri, waimvi.

Wapampandoyo anaugwira, anautembenuza, anadina pachigongono.

"Palibe chotupa, bambo. Ukamapweteka mubwere kuchipatala Lolemba."

Kenako anatembenuka kukajambulitsa chithunzi ndi Eleuterio.