Mfuti Imene Inasiya Kuyimba

"Chotsa kapu ya tiyiyo, mwana wangayu agone pabwino," anatero a Jailosi uku akuyala bulangete patebulo.

Mwana ankanenayo sanali munthu ayi. Inali mfuti yawo yakale ya mipope iwiri yogundana m'mbali, imene anaifunyulula pang'onopang'ono ngati khanda lochokera kosamba. Yesaya, mwana wawo weniweni, amene ankagwira ntchito yoyeza malo ku Kadoma, anachotsa kapuyo akupukusa mutu. Iyeyo chibadwire sanayaliridwepo bulangete chotero.

Koma tisanamizane, mfutiyo inali yokongola. Mtengo wake unali wofiirira, wosalala ndi mafuta komanso manja, ndipo pachitsulo pake panali timaluwa tozokota mwaluso. A Jailosi anayamba kuinyamula ali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Dedza, akutsata mzungu wa pafamu ina kufupi ndi Chegutu kosaka nkhanga. Mzunguyo pochoka anawasiyira, mapepala ake ali m'malo. Padapita zaka zambiri osaombera, koma kuipukuta sanaphonyepo.

Tsopano mfutiyo inali itapeza mwini watsopano. Vimbai, mwana wa Yesaya, mtsikana wa kusekondale, anali atayamba kuombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba ndi makina, pakalabu ina kunja kwa Kadoma. Diso anali nalo, wina aliyense ankanena. Chimene analibe ndi mfuti yomuyenera, ndipo mpikisano unali pafupi.

"Bambo," anayamba Yesaya mosamala, "kwa Maclean wogulitsa mfuti uja kuli ina yatsopano. Anaipanga motengera zakale zomwezi, mipope iwiri, koma ndi yopepuka."

"Yotengera!" a Jailosi anaseka mpaka kutsokomola. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkazi wangayu ndinamulonjeza mfuti iyi asanamere mano. Kapena ndikunama, mayi a kunyumba?"

"Ichokwadi, Sekuru," anavomera Vimbai akumwetulira, poti ndiye amene agogo ankamutcha mkazi wawo mwanthabwala. Chichewa ankachimva chonse, koma pakamwa pake pankatuluka Chishona basi. Anasisita mtengo wa mfutiyo ndi nsonga za zala, maso ali waliwali. Ankaikonda mfutiyo, koma agogo ake ankawakonda koposa.

Yesaya anagonja. Anangopempha kuti Loweruka apite onse kukalabu, Maclean abweretsenso yatsopanoyo, mwana ayese zonse ziwiri.

Loweruka lija a Jailosi anavala jekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Atangoifunyulula mfuti pabenchi, amuna a pakalabu anasiya zochita zawo n'kuunjikana. Wina anaijambula pafoni. Maclean, wogulitsa mfuti, munthu wamimba yake ndi chipewa chachikulu, anavula chipewacho.

"Mdhara, iyi si mfuti, ndi mfumukazi," anatero. "Yangayi ndibweze m'galimoto, ingachite manyazi."

A Jailosi anakula msinkhu pomwepo. Anafotokoza za nkhanga za kumtsinje wa Muzvezve, ziwiri pa kuomba kumodzi, ndipo nkhangazo zinkachuluka nkhani ikamapitirira. Vimbai anavala zotseka m'makutu, n'kutambasula manja kuti alandire.

"Dikira kaye," anatero agogowo. "Mfuti siiomberedwa isanapereke moni."

Umenewu unali mwambo wawo kuyambira kufamu. Anamasula mipope ija kuichotsa kumtengo, anaikoloweka pachala chimodzi kuti ilendewere, kenaka anaigogoda ndi chikhadabo. Mipope yabwino ikagogodedwa chotero imalira ngati belu la kutchalitchi, kulira kwake n'kumapitirira. Ikalira mogonthera, ndiye kuti kachitsulo kolumikiza mipopeyo kalekana penapake, ndipo dzimbiri lingakhale likudya m'kati mosaoneka. Vimbai ankazidziwa zimenezi, poti anamuphunzitsa ndi iwo omwe. Ankadziwanso za mnzawo wa agogo amene mfuti inamuphulikira, n'kutsala ndi dzanja lopanda zala.

Vuto linali lakuti makutu a a Jailosi anali atatha kalekale ndi phokoso la mfuti zomwezo. Choncho anasendeza mipopeyo pafupi ndi khutu la mdzukulu wawo, iye n'kuchotsa chotsekera chija.

"Tamvera ndiwe. Ikuti bwanji?"

Anagogoda. Inangoti phwa, ngati chitini chobooka.

Maclean anayang'ana kumbali. Amuna aja anayamba kuona nsapato zawo. Vimbai anayang'ana nkhope ya agogo ake, jekete lawo, ndi anthu onse amene anali atangowatamanda kumene, ndipo mtima unamupweteka.

"Iri kurira zvakanaka, Sekuru," anatero ndi mawu otsika, kuwatsimikizira kuti ikulira bwino.

Yesaya anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma bambo ake anakweza dzanja. Anagogodanso kachiwiri, maso atatsinzina. Anagogoda chakumunsi, anagogoda chakumtunda. Kenaka anatsegula maso n'kumuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Mkazi wanga, wayamba liti kundinamiza?" anafunsa mofatsa. "Makutu anafa, inde. Koma chala ichi sichinafe. Ikamayimba imanjenjemera pachala pano mpaka m'chigongono. Lero yangoti zii."

Misozi inalengeza m'maso mwa Vimbai. "Ndanga ndisingade kukunyadzisai," anatero, kuti sanafune kuwachititsa manyazi pagulu.

"Manyazi?" A Jailosi anagwira dzanja lake lamanzere n'kuliika pamipope, pamalo enieni pomwe woombera amagwira. "Dzanja lako likhala apa. Manyazi anga ndi zala zako, cholemera n'chiti?"

Maclean anatenga mipopeyo, anaisuzumira padzuwa, anakanikiza kachitsulo kapakati ndi chala chachikulu, ndipo kanasuntha pang'ono.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero Yesaya chapansipansi. Anali asanawaonepo bambo ake akutsika pamtengo umene akwera okha, ndipo anawanyadira kuposa tsiku lina lililonse.

"Nyerere zija zili mumkuyu wanga womwe," anatero a Jailosi, akuyesa kuseka. "Iwe Maclean, bweretsa yotengera yakoyo. Nayonso ipereke moni."

Anaimasula okha, anaikoloweka pachala, n'kugogoda. Kulira kwake kunamveka mpaka kumene kunali makina oponya timbale. Nkhalambayo inaima chilili, kudikira kuti kunjenjemera kuthe m'chala.

"Mwano ilibe," anavomera. Komabe sanaisiye pomwepo. Anamuuza Vimbai aikweze paphewa, aitsitse, aikwezenso atatsinzina, kenaka atsegule maso aone ngati ikuloza pomwe iye akuyang'ana. Anamukonza chigongono, anamukankha phazi ndi ndodo yawo. Atakhutira, anatenga kachikopa kamene anasoka okha kalekale, kotchinga dzanja kuti lisapse mipope ikatentha. Anakavula kumfuti yakale n'kukaveka kuyatsopano. Kanalowa mothina pang'ono, koma kanalowa.

Vimbai anapita poimira. Anafuula kuti aponye, kambale kanauluka, anaombera, ndipo kanasanduka fumbi. Kachiwiri kanathawira kumanzere, nakonso kanaphwanyika. Amuna aja anaomba m'manja, ena kuyamikira mtsikanayo, ena kuyamikira agogo ake.

A Jailosi sanaombe nawo. Anali atakhala pabenchi, akukulunga mfuti yawo m'bulangete mwaulemu womwe uja, ngodya ndi ngodya. Maclean anawanong'oneza kuti ku Harare kuli amisiri amene angayese kuilumikizanso.

"Ayi, yagwira ntchito yake," anayankha. "Ikapume pakhoma. Koma kuipukuta ndiipukutabe."

Vimbai anabwera akuthamanga, mfuti itatsegulidwa pakati monga mwa lamulo, nkhope ili ngwee.

"Mainzwa here, Sekuru?" anafunsa mowaseka, ngati aimva kulira kwake.

"Ndimve ndi chiyani, iwe?" anatero agogowo. "Bwera nalo kuno dzanjalo."

Analigwira dzanja lamanzere lija, lofunda ndi kununkha wonga, n'kuyamba kupinda zala chimodzichimodzi monga ankachitira Vimbai ali khanda. Atafika pa chomaliza sanalisiye.

"Zonse zilipo," anatero. "Pita ukaomberenso."