Mapiritsi M'chimanga cha Masika

Chiperoni chinatsika kuphiri la Malosa Lachisanu m'mawa. Pofika masana chigwa chonse cha Domasi chinali chitanyowa ndi kamvula kowaza.

A Yoswa Namakhwa, mkulu wa mpingo, anali m'chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa tchalitchi cha Angilikani. Ankaunjika matumba a chimanga chimene akhristu anabweretsa pokonzekera Lamulungu la masika. Chimanga chimenechi ndicho chimathandiza okalamba, odwala ndi pamaliro mpaka nyengo ya njala itadutsa. Chaka chatha anankafumbwe anachisandutsa fumbi Khirisimasi isanafike, ndipo pamsonkhano wa mpingo anthu anawanyoza a Yoswa poyera. Iwo sanaiwale.

A Silas, oimba ng'oma m'kwaya, analowa akudzikutumula madzi. M'manja anali ndi kachitini.

"Akulu, nkhondo yatha," anatero. "Ndagula pamsika pa Songani. Piritsi limodzi m'thumba, nankafumbwe amasamuka ndi banja lonse, apongozi ake omwe."

Nthawi yomweyo panafika mayi Dina Chikopa, mlangizi wa zaulimi, amenenso ndi mkhristu wa mpingowo. Anabwera kudzasiya dengu lawo la mtedza. Ataona kachitiniko anatula dengu pansi.

"Bambo Namakhwa, amenewo musaike muno. Si ofanana ndi mankhwala aufa aja timasakaniza ndi chimanga. Awa akakumana ndi chinyontho amatulutsa mpweya wapoizoni. Suoneka ndi maso. Umadutsa m'thumba, m'ming'alu, paliponse. Amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa, pamalo otsekedwa bwino, kutali ndi kumene kumakhala anthu. Taonani khoma ilo."

Khomalo silinkafika kumalata. Mbali inayo kunali vesitile, chipinda chovaliramo wansembe.

"Nanga anankafumbwe?" anafunsa a Yoswa.

"Chiyanikeni chiumitsitse. Sabata yamawa ndibweretsa matumba osalowa mpweya aja."

A Silas anaseka. "Alangizi, kuvesitile kumagona ndani? Mikanjo ya abusa? Mkanjo sukhosomola."

"Mwandimva, bambo Namakhwa?"

A Yoswa anagwedeza mutu movomera. Mayi Chikopa atachoka, anaima kanthawi akuyang'ana matumba. Chaka chathanso anauzidwa za sabata yamawa. Anatsegula kachitini, naika mapiritsi m'matumba onse, nakhoma chitseko.

Loweruka madzulo kunafika kwaya ya alendo yochokera ku Liwonde, yodzaimba nawo pamasika. Makwaya awiriwo anaphunzira nyimbo pamodzi. Amayi anakongoletsa guwa ndi mizimbe, maungu ndi mikoko ya nthochi. Woyambitsa nyimbo anali Alesi, mwana mmodzi yekha wa a Yoswa, amene ankawasamalira chimwalirireni mayi ake. Iye akakweza mawu, ena onse ankalowa pambuyo pake.

Dzuwa likulowa, Alesi anapeza bambo ake pakhonde la tchalitchi ali ndi a Silas.

"Ababa, makiyi a kuvesitile."

"A chiyani?"

"Alendo sangagone muholo. Mazenera alibe magalasi, pansi panyowa. Amuna ndi amayi akuluakulu tawagawa kale m'makomo. Atsala atsikana ochepa. Abusa avomera."

A Yoswa anayang'ana a Silas.

"Chitseko cha chimanga n'chokhoma, akulu," ananong'ona a Silas. "Usiku umodzi wokha. Mlendo ndi mame."

Kukana kukanafuna kunena chifukwa. Mayi Chikopa anali chapafupi pomwepo, akuthandiza amayi ophika. A Yoswa anatulutsa makiyi.

"Musatseke zenera," anatero.

"Kuzizira kumeneku? Ababa inu!" Alesi anaseka. "Mukufuna mawa tiimbe ngati achule? Nanenso ndigona nawo komweko."

"Iwe ukagone kunyumba."

"Mwana wa mkulu wa mpingo athawe alendo? Anthu adzati chiyani? Ndiwo zanu ndafunditsa kale, zili pa thebulo."

A Yoswa anatembenuka. Anapita kwawo.

Lamulungu m'mawa anabwera kudzaliza belu loyamba. Anapeza atsikana atagona pa udzu wonyowa, akusanza, ena atagwira pachifuwa. Zenera la vesitile linali lotseka, m'mipata mwake atatsekamo zitenje chifukwa cha mphepo. Alesi anali atapereka malo abwino kwa alendo, iye nagona m'mbali mwa khoma la chimanga. Anyamata awiri anamunyamula potuluka naye. Milomo yake inali itada.

Anthu anasonkhana. Aliyense anali ndi lake.

"Ndi nyemba za dzulo zija! Anaphika ndani?"

"Mayi Tikondane."

Mayi Tikondane anakhala pansi nayamba kulira. "Ine ndadya zomwezo, ana anga adya zomwezo!"

"Si nyemba izi," anatero wina. "Ndi nsanje za makwaya. Mawu a mwana uyu ena amawawidwa nawo."

Wina anathamangira mkaka. Wina anayambitsa pemphero. A Yoswa anaima pafupi ndi mwana wawo, makiyi ali m'manja. Nthawi inkapita.

Mayi Chikopa anafika atavala zakutchalitchi. Anasuzumira m'vesitile, nabwerera msanga atagwira mphuno. Munali fungo ngati la adyo ndi nsomba yowola.

"Chokani pakhomopo nonse! Wina asalowenso!" Anatembenukira kwa a Yoswa. "Bambo Namakhwa, munaika?"

Anthu onse anayang'ana a Yoswa.

"Ndinaika."

"Liti?"

"Lachisanu."

"Siyani mkakawo, sungathandize. Asunthireni kutali, pamphepo. Itanani galimoto ya alendo ija, tsopano lino. A Silas, kachitini kaja mukatenge, madokotala akawerenge dzina lake."

Kuchipatala, namwino wamkulu anatuluka patapita nthawi. Anawakhazika a Yoswa pabenchi.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Poizoni ameneyu alibe mankhwala omuthetsa. Ife timangothandiza thupi kuti lilimbe. Timapereka mpweya, madzi, n'kumayang'anira mtima. Amene anagona pafupi ndi chitseko ndikuona kuti achira. Mwana wanu anapuma poizoni wambiri, ndipo wafika mochedwa. Mtima wake wafooka."

"Achira?"

"Lowani mukamuone."

Alesi anatsegula maso pang'ono. Anasuntha chopumira chimene anamuika kukamwa.

"Ababa, alendo aja adya?"

"Adya."

"Masika ayamba?"

"Ayi. Akudikira iwe."

Anamwalira madzulo a tsiku lomwelo.

Masika sanachitike. Mizimbe ndi nthochi zinangotsala paguwa. Lolemba anthu anasonkhana pa siwa kunyumba kwa a Yoswa, ndipo makwaya onse awiri anakhala pabwalo. Anaimba nyimbo zomwe anakonzera masika, popeza ndi zimene zinali pakamwa. Akafika pamene Alesi ankakweza mawu, onse ankadikira, kenaka n'kupitiriza motsitsa. Ng'oma sinalire.

A Silas anabwera nakhala pamphasa pafupi ndi a Yoswa. Maso awo anali ofiira.

"Akulu, pepani. Chinali chifuniro cha Mulungu. Koma nkhaniyi tisaikambe kwambiri. Ingatipweteke tonse awiri. Anthu ena akunenabe za nyemba, tiyeni tingowasiya."

"Mulungu sanaike piritsi m'thumba," anatero a Yoswa. "Mayi Tikondanenso sanaike."

A Silas anazolika.

Chakumasana mayi Chikopa anafika nagwada pambali pa mphasa. Anapepesa maliro. Anafotokoza kuti tchalitchi chatsekedwa, ndipo anthu ophunzitsidwa ndiwo adzachotse zotsala za mapiritsi ndi kuulutsa mpweyawo. Kenaka anatsitsa mawu.

"Pali china, bambo. Sindikanakuuzani lero, koma sichingadikire. Loweruka mbiri inamveka yoti tchalitchi chaika mapiritsi. Anthu anati ngati a Namakhwa aika, ndiye kuti ndi abwino. Mabanja angapo agula. Mukudziwa mmene tikusungira chimanga masiku ano poopa akuba. Matumba ali m'nyumba, ena kuchipinda kogona ana."

"Mwawauza?"

"Ndayenda kuyambira m'mawa. Akukana kuti sanaike. Ena akuti Alesi ndi nyemba, ena akuti ndi ufiti. Akuti alangizi timangoopseza anthu kuti tigulitse matumba athu."

"Achite chiyani?"

"Atuluke m'nyumbamo onse, asiye zitseko ndi mazenera zotsegula. Asapisemo manja m'matumba, asathire madzi pa mapiritsi. Asagonemo mpaka tibwere ndi odziwa ntchitoyi. Amene akumva mutu, nseru kapena kubanika athamangire kuchipatala, ndipo akanene chimene wapuma."

"Ndani ndi ndani?"

Mayi Chikopa anatchula mabanjawo. Potsiriza anayang'ana a Silas. Nawonso anali ataika m'nyumba mwawo.

"Dzulo ana anga agona kwa agogo awo chifukwa cha malirowa," anatero a Silas. "Lero abwerera."

A Yoswa anaimirira. Malume ake a Alesi anawagwira dzanja.

"Alamu, mukupita kuti? Namfedwa sachoka pa siwa. Mwana wanu ali m'nyumbamu. Tumani anyamata."

"Anyamata sawamvera."

"Nanga anthu adzati chiyani?"

A Yoswa anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. Analowa m'nyumba, naima pamutu pa bokosi kanthawi kochepa. Atatuluka anali atavala jekete. Kwaya inali pakati pa nyimbo. Anadutsa pakati pa oimbawo, nalowa njira yopita kumudzi, mayi Chikopa ali pambuyo pawo. Anayambira kwa a Silas.

Phunziro: Mapiritsi ophera anankafumbwe amapha anthunso, ndipo khoma silitchinga mpweya wake. Osawaika m'nyumba, m'tchalitchi kapena pena paliponse pamene pali anthu. Funsani mlangizi njira yabwino yosungira chimanga. Ngati mwalakwitsa kale, nenani msanga. Manyazi amatha, imfa siibweza munthu.