Makande M'mizere ya Matailosi

Nyumba imene Morton anapatsidwa atakwezedwa pa ntchito ya uphunzitsi ku Domasi munkakhala mzungu ufulu usanabwere. Mzunguyo ananyamula zonse, ngakhale misomali ya makatani, koma bafa ya matailosi oyera sakanaizula. Bafa imeneyi ndiyo inamulowa m'mutu Esnath, mkazi wa Morton.

Matailosi sankavuta. Chovuta chinali simenti yoyera ya m'mizere ya pakati pake, imene inkada ngati mano a wosuta chingambwe. Esnath ankaikwecha ndi mswachi wakale, phulusa losefa ndi madzi a mandimu. Munthu akasamba, ankamuuza kuti apukute pansi, asiyenso zenera lotsekula kuti chinyezi chituluke. Ngakhale Morton, ndi uphunzitsi wakewo, ankatuluka m'bafa atagwira chiguduli.

Bambo ake a Esnath atamwalira, iye anakatenga mayi ake, a Alesi, kumudzi kuseri kwa Songani. Anali atayamba kudwaladwala m'chifuwa, ndipo Esnath ankaopa kuti akabwerera kukakhala okha, mvula ya chaka chimenecho saimaliza. Koma a Alesi nyumba ya boma inawakana. Madzi anali pa mpopi, chimanga chinkapita kuchigayo, pansi panali simenti yosafuna kuzira. Ankangokhala pakhonde manja ali m'miyendo, maso ali ku phiri la Malosa.

"Ine kuno ndine mlendo," ankatero. "Munthu wongodya osagwira kanthu ndi nkhumba ya m'khola."

Tsiku lina Esnath anapita ku Mvano kutchalitchi. Pobwera anapeza mayi ake akuyimba, chinthu chimene anali asanachite chiwatengereni. Zigongono zawo zinali ndi matope.

"Takaona ku bafa kwako," anatero a Alesi.

Esnath anasuzumira. Mzere uliwonse, pansi ndi m'makoma momwe, unali wakuda bii. A Alesi anali atatsikira kudambo, kukumba makande amene akazi amazirira nyumba, n'kuwamata m'mizere monse, kenako n'kusalaza ndi mwala wa nkhulungo. Ntchito yake inali yaudongo, munthu sangakane. Matailosi anawapukuta mpaka kung'anima.

"Ming'alu yonse ija ndatseka," anatero a Alesi kumbuyo kwake. "Nyumba ya ming'alu imaweta matekenya. Ndimakuona ukukandamo tsiku lililonse, ndinati mwanayu sadziwa mankhwala ake."

Esnath anali ndi pakamwa pofulumira, ndipo panafulumiradi.

"Amayi, mwandiwonongera nyumba. Si ming'alu imeneyi, ndi simenti. Madzi akangothiridwa, matopewa alowerera, sadzachokanso. Kodi muno mwayesa kumudzi?"

A Alesi anayang'ana manja awo, kenako analowa m'chipinda chawo. Esnath anamva akukoka kabasiketi kawo pansi pa bedi, ndipo manyazi anamugwira. Mawu akatuluka sabwezeka, ndipo mayi ake ankawadziwa bwino: kupepesa kokha sikukanawamasulitsa katundu. Akanangoti zikomo, mawa lake n'kukwera basi.

Esnath anapita kukhitchini, nathira phulusa m'mbale, nafinyiramo mandimu. Anatenga mswachi ndi kamsomali, nakagwada pakhomo la chipinda.

"Amayi, ndalankhula molakwa, mundikhululukire. Koma matope aja ayenera kuchoka, ndipo ine ndekha sindingathe. Mzere uliwonse uyenera kutokosoledwa ndi msomali usananyowe, kenako ukwechedwe. Tizisambira panja mpaka zithe. Mwamata ndinu, ndinu mukudziwa pamene mwakanikiza kwambiri."

A Alesi anamuyang'ana, mpango womangira katundu uli m'manja.

"Ndiye ukuti ndichotse zonyansa zanga ndisanapite."

"Ndikuti mundithandize, Amayi."

Analandira mbaleyo mosamwetulira.

M'mawa mwake Morton ananyamula ndowa kukasamba kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza kuti mphunzitsi wamkulu wabwerera kumpanda wa udzu. Palibe anamumvera chisoni. A Alesi anayala chiguduli m'bafa, nagwada, nayamba kutokosa pakona ya kuchitseko.

Esnath ankadziwa mmene manja a mayi ake amathamangira pa ntchito. Bafa yonseyo anaimata m'mawa umodzi wokha. Koma mlungu unatha ali pa khoma limodzi lomwelo, akutokosa pang'onopang'ono, kupuma, kubwereza mzere umene unayera kale. Mvula yoyamba inagwa asanafike ndi pakati pomwe.

Tsiku lina Morton anafunsa mkazi wake monong'ona ngati sangaitane munthu woti amalize msanga.

"Asiyeni," anatero Esnath. "Akamaliza apita."