Tsiku Limene Switchi Inakana Towera

Towera analembanso dzina lake ndi pasiwedi, koma switchi inamukananso.

"Zikutheka, achemwali?" anafunsa Zione, namwino wochokera ku Zomba, ataima pakhomo la kachipinda ka makompyuta. "Zotsatira za magazi sizikuchoka kulabu. Wodi yadzaza, adokotala akungondiyang'ana ine."

"Ndikuyesa," anatero Towera.

Switchiyo, bokosi lolumikiza makompyuta onse a chipatalacho, sinkatsegulira munthu payokha. Wina akalemba dzina, inkayamba yafunsa seva, kompyuta yaikulu ya kulikulu ku Lilongwe, ngati munthuyo ndi wololedwa. Koma madzi osefukira anali atadula chingwe cha intaneti cha ku Lupembe, ndipo magetsi atathima n'kuyakanso, switchi inadzuka itatseka mbali ya labu. Poti inalibe koti ifunse, inkakana aliyense.

Munali pasiwedi ina yapangozi mu switchi momwemo, koma ankaidziwa a Kenan okha. Iwowa ndi amene anaphunzitsa Towera ntchito. Mwezi wathawo likulu linawachotsa ntchito chifukwa chobwereka anthu osagwira ntchito pachipatalapo pasiwedi yawo, ndipo amene anafufuta dzina lawo pa seva anali Towera yemweyo. Chichokereni, ngakhale kutchalitchi a Kenan sankamuyankha moni.

Towera anaimbira a Ralph, bwana wake wa kulikulu.

"Dikirani chingwe chikonzedwe," anatero a Ralph. "Munthu wochotsedwa asaponde m'chipinda chimenecho. Mwamva?"

Towera anadula foni, n'kuyang'ana mzere wa amayi obereka ana pakhonde. Kenako anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Mwenilondo, kumene a Kenan ankakhala.

Anawapeza a Kenan akukonza wailesi ya mnansi pansi pa mtengo wa mango.

"Mwaghona, adada," anawalonjera m'chinenero chawo.

"Kodi lero ndili ndi dzina?" anafunsa osadzutsa mutu. "Ndimayesa munalifufuta."

Towera anagwada n'kufotokoza zonse.

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame," anatero a Kenan. "Seva yanu ija ili kuti lero?"

"Adada, ine ndinangotumidwa. Odwala aja sanakulakwireni."

A Kenan anapukuta zala pa nsanza.

"Pasiwedi sindikuuza. Anandichotsera zomwezo. Ndikalemba ndekha, ndi dzanja langali."

Towera anakumbukira mawu a bwana wake. Komabe anati, "Tiyeni."

Atafika, mlonda wapageti anawayang'ana modabwa, koma Towera anati ndi mlendo wake. M'kachipinda muja a Kenan anakhala pampando wawo wakale, n'kulemba pang'onopang'ono. Switchi inatseguka. Towera anatsegula mbali ya labu, timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira, ndipo Zione anathamangira kuwodi akufuula kuti zotsatira zafika.

A Kenan anamwetulira koyamba. Anayamba kuloza zingwe zimene zinafunika kumangidwa bwino, ngati sanachokepo.

"Adada," anatero Towera motsitsa mawu, "tatembenukani pang'ono."

"Chifukwa?"

"Ndikufuna ndisinthe pasiwediyi."

Kumwetulira kuja kunazima. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimirira n'kuyang'ana kukhoma. Towera analemba pasiwedi yatsopano.

"Ndatha. Ndikuitanireni kabaza."

"Miyendo ndili nayo," anayankha a Kenan, n'kutuluka osatseka chitseko.

Towera anawaona pawindo akudutsa pageti, akulambalala zithaphwi ndi nsapato zawo zakutha. Anatenga foni n'kuimbira a Ralph.

"Bwana, labu yayamba kugwira ntchito. A Kenan analowa m'chipinda muno. Ndinawalowetsa ndine."

A Ralph anati, "Lolemba mubwere ku Lilongwe."

"Chabwino, bwana," anatero Towera, n'kuyamba kumanga zingwe zija.